Nsembe Yopsereza: Mbiri ya Njinga za Pachipale ndi Oyilo Wake

Mau akuti mafuta, amene makolo athu ankatchulira zodzola za nsatsi ndi zonona za nyama, masiku ano asenza katundu woposa mutu wake, pakuti ndi mau omwewo timatchula za m'nyale, za mumphika, za m'thanki ya galimoto ndi zofewetsa zitsulo za injini. N'chifukwa chake amakaniko, pofuna kuti mwana wophunzira ntchito asathire ichi pofunika icho, adalekanitsa ziwirizi, natcha zoyaka petulo, zofewetsa oyilo. Koma ulipo mtundu wina wa injini umene sulola kulekanitsa kotere, chifukwa m'mimba mwake petulo ndi oyilo amayenda njira imodzi, nafera pa moto umodzi. Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amaidziwa injini imeneyi kumbuyo kwa boti, ocheka matabwa amaidziwa m'manja mwao, ndipo aliyense amene adapirirapo kajenereta kofuka pakhonde la mnansi wake adalimva fungo lake. Dzina lake ndi two-stroke, ndipo pabotolo la oyilo wake pamalembedwa 2T. Chimene ambiri a ife sitidachiganizirepo n'chakuti oyilo ameneyu ali ndi mbiri, ndi kuti chigawo chowawitsa cha mbiriyo chidalembedwa kutali ndi nyanja yathu, m'maiko amene nyanja zake zimauma gwa ngati thanthwe kwa miyezi ingapo pachaka, kumene munthu amene injini yamzimira m'tchire sadandaula za nsomba zimene ziwole, koma za mpweya wake womwe.

Tiyambire ku Valcourt, kamudzi ka m'chigawo cha Quebec m'dziko la Canada, kwa anthu olankhula Chifalansa, kumene Joseph-Armand Bombardier adabadwa m'chaka cha 1907. Chisanu cha kumeneko si cha mamawa a mwezi wa June, chimene munthu amachipirikitsa ndi chikuni chimodzi. Kumeneko chipale chofewa, chogwa kuchokera kumwamba chili mbee ngati ufa woyera, chinkakwirira misewu yonse ya kumidzi, kotero kuti eni magalimoto ankangowatsekera m'nyumba, nabwerera ku akavalo ndi zileyi za makolo ao. Atate a mnyamatayo, pofuna kuti mwana wao wachisamba akhale wansembe, adamtumiza ku seminale ku Sherbrooke. Koma khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo, ndipo mtima wa mwanayo udali pa zitsulo. Ali ndi zaka 15 zokha adamangirira injini ya galimoto yakale ya Ford pa chileyi, nailumikiza ndi chopupiza mphepo chonga cha ndege, nathamanga nacho pakati pa mudzi pamodzi ndi mng'ono wake, kufikira atate ao, poona kuti chinthucho chidzadula munthu mutu, adalamula kuti achiphwasule.

Mu 1926 adatsegula garaji yake ku Valcourt komweko, nakhala akuyesa ichi ndi icho m'miyezi imene makasitomala adali atabisala m'nyumba. Ndipo kudachitika kuti m'nyengo yachisanu ya 1934 mwana wake Yvon, wa zaka ziwiri, adadwala m'mimba nthenda yofuna mpeni wa dokotala. Misewu idali yotsekeka, chipatala chidali kutali, ndipo mwanayo adatsikira kuli chete atate wake akuyang'ana, munthu amene manja ake ankadzutsa injini zakufa za mudzi wonse. Patangotha zaka zitatu, mu 1937, boma lidamlembera umwini wa luso la gudumu la mano loyendetsa lamba wotambalala, ndipo adayamba kugulitsa galimoto yoyenda pachipale yonyamula anthu asanu ndi awiri, yotchedwa B7, imene madokotala ndi ansembe a kumidzi adaikonda. Malonda adakoma kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene boma la Quebec lidalamula kuti misewu ya kumidzi izikokoledwa chipale. Pomwepo msika udagwa, iye natembenukira ku mathirakitala a m'nkhalango ndi m'madambo. Koma loto lake lenileni lidali kanthu kakang'ono, ka munthu mmodzi kapena awiri, kolowa m'malo mwa agalu okoka chileyi. Ndipo chidamtsekereza zaka zonsezo sichidali lamba kapena chiwongolero, koma kulemera kwa injini, pakuti chinthu cholemera chimamira m'chipale monga ng'ombe imatitimira m'dambo la dzinja.

Apa ndipo nkhani yathu ikumana ndi nkhani ina yakale kuposa iyo. Injini ya galimoto, yotchedwa four-stroke, imaphulitsa moto kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndipo kunsi kwake ili ndi mtsuko wa oyilo amene amakwera, nafewetsa zitsulo, nabwereranso mumtsukomo, miyezi ndi miyezi osatha. Dugald Clerk wa ku Scotland, amene luso lake lidalembedwa mu 1881, adaonetsa kuti moto ungathe kuphulika pa kuzungulira kulikonse. Ndipo patapita zaka ngati khumi Joseph Day wa ku Bath, ku England, adapeputsa chinthucho koposa, pochititsa kuti pisitoni yomweyo, potsika, izikankha mpweya ndi petulo kuchokera m'chipinda cha kunsi kupita pamwamba pake, kudzera m'mabowo a m'mbali mwa silinda. Motero zitsulo zambiri zidachoka, injini nikhala yopepuka, yotchipa, ya mphamvu zoposa msinkhu wake. Koma walira mvula walira matope: chipinda cha kunsi chija, chimene mu injini ya galimoto ndicho mtsuko wa oyilo, tsopano chidasanduka njira ya petulo, ndipo oyilo adasowa pokhala. Chotsalira chidali chimodzi, ndicho kumsungunula m'petulo momwemo, kuti alowe ngati nkhungu, anyowetse mabering'i ndi khoma la silinda m'kamphindi, kenaka apse, natuluke ndi utsi. Oyilo wa galimoto ndi wantchito wolembedwa amene amagona pakhomo. Oyilo wa two-stroke ndi nsembe yopsereza, yoperekedwa kamodzi, yosabwerera. Ndipo pa injini ya masiku ano, imene imazungulira ka 8,000 pamphindi, nsembeyo imaperekedwa koposa ka 130 pa sekondi iliyonse. Amene wamvetsa ichi wamvetsa mlandu wonse wa oyiloyu, pakuti afunika zinthu ziwiri zodana: akhale wolimba kuti chitsulo chisadye chinzake, akhalenso wopsa bwino kuti asasiye mwaye ndi phulusa.

Woyamba kuika injini yotere pachipale sadali Bombardier. Carl Eliason wa ku Sayner, m'chigawo cha Wisconsin ku United States, amene phazi lake lidali lopunduka ndipo sankatha kutsata anzake ku uzimba, adatenga kainjini ka boti ka Johnson mu 1924, nakamanga pa chileyi chachitali. Mwakuti njinga ya pachipale ndi boti la msodzi ndi pachibale kuyambira kubadwa, ndipo chibale chimenechi tidzachionanso. Ku Roseau, m'chigawo cha Minnesota, amisiri a zida zaulimi amene kampani yao idatchedwa Polaris adapanga yao pakati pa zaka za m'ma 1950, ndipo mmodzi wa iwo, Edgar Hetteen, atayenda nayo mtunda wa makilomita oposa 1,900 m'dziko la Alaska mu 1960, nabwerera kwao n'kupeza anzake akung'ung'udza kuti wataya nthawi ya ntchito, adawachokera, nakayamba yake ku Thief River Falls, imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina lakuti Arctic Cat. Koma imene idatembenuza dziko ndi ya ku Valcourt, ya chikasu, ya lamba mmodzi kumbuyo ndi timatabwa tiwiri totsetsereka kutsogolo, imene idatuluka mu 1959 ndi dzina lakuti Ski-Doo. Ina mwa zoyamba Bombardier adaipereka kwa mnzake wansembe, Bambo Maurice Ouimet, amene ankatumikira pakati pa eni dziko ku Lansdowne House, kumpoto kwa Ontario. Chaka choyamba zidapangidwa 225. Kuyambira 1962 adayamba kuikamo injini za two-stroke za Rotax, za ku Gunskirchen m'dziko la Austria, imene kampani ya Bombardier idadzaigula mu 1970, Bombardier mwiniyo atamwalira kale mu 1964, asadaone kukula kwa mtengo umene adabzala. Pofika 1971 makampani opanga njingazi adaposa 100, ndipo zogulidwa m'chaka chimodzi chokhacho zidayandikira theka la miliyoni. Eni ake amazitcha snowmobile.

Nanga m'masiku amenewo ankathiramo chiyani? Kunena zoona, poyamba ankathiramo chimene chidali pafupi, ndicho oyilo wamba wa galimoto wa nambala 30, ndipo popeza sadali wopangidwira kupsa, ankamthira wambiri kuti mwina mwa kuchuluka kwake injini ipulumuke: lita imodzi m'malita 20 a petulo, ena kuposa apo. Zotsatira zake aliyense wa nthawiyo ankazidziwa ndi mphuno ndi zala. Gulu la njinga likanyamuka, linkasiya mtambo wobiriwira utalendewera pakati pa mitengo. Mapulagi ankada ndi mwaye kufikira moto utakana, kotero kuti munthu wanzeru sankachoka pakhomo wopanda mapulagi ena m'thumba ndi sipanala yake. Mphete za pisitoni zinkamatirira m'mizere yake, ndipo bowo lotulukira utsi linkachepa pang'onopang'ono ndi makala, monga mtsempha wa nkhalamba. Kusakaniza kwenikweniko kudali mwambo wofuna kudekha, pakuti oyilo wozizira amalemera ngati uchi wa m'phanga, ndipo ukamthira m'petulo wozizira amangotsikira pansi osasungunuka. Wopupuluma, amene wathira ziwirizi mwachindunji m'thanki ali panja, ankayamba ulendo ndi oyilo yekhayekha, namaliza ndi petulo yekhayekha, ndipo pa mapeto akewo injini inkagwira. Odziwa ankafunditsa botolo m'nyumba, nathira m'chigubu petulo pang'ono choyamba, kenaka oyilo, nakhutchumula kolimba, asadadzaze chotsalacho. Ngakhale utoto umene opanga amaika mu oyiloyu, wobiriwira kapena wofiira, udadza ndi cholinga chomwechi, kuti munthu aone ndi maso kuti chigubu ichi n'chosakaniza kale.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa m'nkhaniyi mukulowa mbale wathu amene timamuona m'mabwinja ndi m'mbali mwa makola, osampatsa ulemu. Nsatsi zomwe zija agogo athu ankakazinga, nasinja, naphika kuti ayengule mafuta odzola anamwali, ndizo zidali mfumu ya oyilo wa injini zothamanga. Mafuta ake amakakamira pa chitsulo chotentha pamene ena athawa. N'chifukwa chake ndege za nkhondo ya 1914 zinkawamwa, ndipo kampani ya Charles Wakefield ya ku London idatenga dzina la oyilo wake, Castrol, ku dzina la Chingerezi la nsatsi. Ochita mipikisano amawakonda kufikira lero, ena chifukwa cha fungo lake lokha. Koma pachipale nsatsi zili ndi zilema ziwiri: zimasiya utomoni m'injini, umene wampikisano saudandaula popeza amaphwasula injini yake sabata ndi sabata, ndipo kukazizira kwambiri zimalekana ndi petulo, n'kukhala pansi pa thanki pazokha. Mwana wa dziko lotentha sadazolowere kuchilendo.

Kwa anthu a m'matauni njingayi idali choseweretsa cha Loweruka. Kwa anthu a kumpoto kwenikweni idasanduka miyendo. Pertti Pelto, wofufuza za miyambo ya anthu, adakhala pakati pa Asami a fuko la Skolt ku Sevettijärvi, kumpoto kwa Finland, njingazi zisadafike ndiponso zitafika, nalemba zimene adaona m'buku lake la 1973, The Snowmobile Revolution. Anthu amenewa ankaweta nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer, ndipo zomwezo zinkawakokera zileyi, zikudya ndere zimene zinkafukula zokha pansi pa chipale. Njinga yoyamba idafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zisadathe zaka khumi ulendo wa masiku atatu wopita kusitolo ku Norway udasanduka wa maola owerengeka. Koma ziweto, pothamangitsidwa ndi phokoso, zidasanduka zam'tchire ndi kuchepa, mabanja ambiri adaleka kuweta, ndipo munthu amene kale sankafuna ndalama kuti ayende tsopano ankapha chiweto kuti agule petulo, oyilo ndi zitsulo zochokera kutsidya kwa nyanja. Chimodzimodzinso Ainuit a kumpoto kwa Canada, amene agalu ao ankadziwa njira ya kwao m'chimphepo, namva ndi mapazi pamene madzi oundana apyapyala. Injini siidziwa kwao, siimva kanthu, ndipo ikafa sungaidye. Sindikunena izi polira zakale, pakuti mlenje amene amabwerera kwa ana ake tsiku lomwelo sangafune kubwerera ku agalu. Ndikungonena kuti kuyambira pamenepo moyo wa munthu udapachikika pa kamadzi kopyapyala kuposa tsitsi, ka pakati pa pisitoni ndi silinda. Ralph Plaisted, wogulitsa inshuwalansi wa ku Minnesota, amene ndi anzake atatu adafika pa nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi pa 19 April 1968 atakwera ma Ski-Doo, adapachika moyo wake pa kamadzi komweko kwa masiku oposa 40.

Mavuto a chigubu adachepa pamene Yamaha, imene mu 1964 idaika kapampu ka oyilo pa njinga zake zamoto, idadza nako pachipale kumapeto kwa zaka zomwezo, makampani ena natsatira m'zaka za pambuyo pake. Tsopano oyilo adapeza kathanki kake, ndipo kapampu kankampereka mwa muyeso, pang'ono injini ikamalira chamumtima, wambiri ikamakuwa. Utsi udachepa, mapulagi adapuma. Koma tsoka lidangosintha malaya. Kale petulo ndiye ankasungunula oyilo, namnyamula. Tsopano oyilo adayenera kuyenda yekha, m'kapaipi kochepa ngati phesi la udzu, m'mamawa amene kuzizira kwafika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Akaundana m'menemo, injini imalira bwinobwino ndi petulo yekha, mwini wake osadziwa kanthu, kufikira pisitoni itapsa n'kukakamira pakati pa nyanja youma. Ndipo munthuyo afanana ndi anamwali opusa aja a m'fanizo, koma tsoka lake n'loposa lao, chifukwa iye mafuta adatenga, ali m'nsupa momwemo, koma akana kutuluka. Kuyambira pamenepo funso loyamba la oyilo wa pachipale lidakhala lakuti: kodi amayenda pa kuzizira kotani? Bungwe la mainjiniya a magalimoto la SAE lidaika magawo anayi a kayendedwe ndi kasungunukidwe ka oyilo wa two-stroke, ndipo gawo lachinayi ndilo loyesedwa pa madigiri 40 aja. Apa ndi pamene oyilo wopangidwa m'fakitale, wotchedwa synthetic, adapambana woyengedwa kuchokera pansi, chifukwa woyengedwayo ali ndi phula limene limauma kukazizira. Luso lake lidakula ku Germany pa nkhondo yachiwiri, nilifika mu ndege za jeti. Ndipo Al Amatuzio, woyendetsa ndege za nkhondo wa ku Duluth, ataona mmene oyilo wa ndegezo sankasamalira chisanu, adayamba kampani ya AMSOIL, imene mu 1972 idatulutsa oyilo wotere wa magalimoto, ndipo likulu lake lili ku Superior, ku Wisconsin, pakati pa dziko la njinga za pachipale.

Funso lachiwiri ndilo limene limakanganitsa anthu kufikira lero, ndipo liyenera kulilondola bwino. Pa mabotolo ambiri pamalembedwa TC-W3, chizindikiro cha bungwe la opanga maboti ku America, ndipo munthu wosafunsa amati two-stroke ndi two-stroke, nathira oyilo wa boti mu njinga ya pachipale. Koma safunsa adadya phula. Injini ya boti imazizidwa ndi madzi a m'nyanja osatha, imayenda maola ambiri pa liwiro limodzi, ndipo mdani wake ndi phulusa lomatirira pa pulagi. Chotero oyilo wake alibe mankhwala otsuka a chitsulo, ndiwo osiya phulusa. Injini ya pachipale imakwera ndi kutsika liwiro kosalekeza, imazungulira kwambiri, ndipo pa mphete zake pamatentha koposa mmene mankhwala opanda phulusa aja angapirire. Imafuna oyilo wa phulusa lochepa, wokhala ndi mankhwala otsuka olimba pamoto. Kuwonjezera apo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 injini zambiri zidalandira kachitseko pa bowo la utsi, kamene Rotax adakatcha RAVE, kokwera ndi kutsika kuti injini ikhale ndi mphamvu poyenda pang'ono ndi pothamanga pomwe. Kachitsekoka kamakhala m'njira ya utsi, ndipo oyilo wosapsa bwino amakamata ndi makala kufikira kataleka kuyenda. N'chifukwa chake mabuku a Ski-Doo amaletsa oyilo wa boti mosabisa mau, ngakhale kuti opanga ena ankamlola pa injini zao zakale zofatsa. Ajapani, ataona kuti miyeso ya ku America siikwanira, adaika yao mu 1994, yotchedwa JASO, yoyesa zinthu zinayi: kufewetsa, kutsuka, kuchepa kwa utsi ndi kusatseka njira ya utsi, magawo ake adali FA, FB ndi FC, ndipo pambuyo pake adawonjezera FD, wotsuka koposa onse. Koma wowerenga adziwe kuti JASO sanena kanthu za chisanu: oyilo wa makina ochekera matabwa angakhale FD weniweni, nakhala phala pa madigiri 30 kunsi kwa ziro.

Pamene amisiri ankalimbana ndi makala a m'kati, anthu ena adali kulimbana ndi utsi wa kunja. Injini ya two-stroke yachikale imataya gawo lalikulu la petulo wake asadapse, mwina limodzi mwa magawo anayi, chifukwa bowo lolowera ndi lotulukira amakhala otsegula nthawi imodzi. Ku Yellowstone, nkhalango yotetezedwa ya ku America, njinga mazanamazana zinkaima pa chipata cha kumadzulo m'mawa uliwonse, zikulira, mpweya wozizira nuphimba utsiwo pansi ngati chivundikiro, kufikira alonda a pachipata adayamba kudwala mutu ndi nseru. Adawapopera mpweya wabwino m'tinyumba tao, ndipo mu 2002 ena adayamba kuvala zophimba kumphuno. Mlandu wake udayenda m'makhoti zaka zambiri, ndipo lero zololedwa kulowamo ndi zowerengeka, zoyera utsi. M'chaka chomwecho cha 2002 boma la America lidaika malamulo a utsi wa njingazi, oyamba kugwira ntchito mu 2006. Ambiri adati two-stroke yafa. Yamaha idatembenukira ku four-stroke. Koma chipulumutso chidachokera kwa mbale wakale uja wa m'madzi. Mu 2001 kampani ya Bombardier idagula Evinrude ndi Johnson, Johnson yemwe uja wa kainjini ka Eliason, ndipo m'injini za boti za Evinrude mudakula luso lotchedwa E-TEC, lopopera petulo pamwamba pa pisitoni penipeni, pa nthawi yoyenera kuti asathawe ndi utsi. Pofika 2009 lidali pa Ski-Doo. Potero petulo ndi oyilo, amene adayenda pamodzi kuyambira masiku a Joseph Day, adasudzulana: petulo sadutsanso m'chipinda cha kunsi, ndipo oyilo amaperekedwa ndi pampu yolamulidwa ndi kompyuta, m'madontho owerengeka. Koma popeza madonthowo ndi ochepa, ndipo palibenso petulo wozizira wowatsitsimula, amakhalitsa pa chitsulo chotentha, ndipo oyilo amene adali wokwanira pa injini ya 1975 sangapirire m'menemo.

Utsalira mlandu wa dzina. Kampani iliyonse ili ndi oyilo wake, XPS wa Ski-Doo, VES wa Polaris, ndipo wogulitsa amalankhula monga ngati dontho limodzi la wina lidzagwetsa denga. Pamene ogula, poona mtengo, amati n'kudyera masuku pamutu, nakumbutsana kuti ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 sililola kampani kukana chitsimikizo chake chifukwa chokha chakuti munthu sadagule oyilo wa dzina lake. Ine ndiona kuti onse awiri ali ndi gawo la choonadi, koma si gawo lofanana. Pa injini yatsopano ya kompyuta, imene pampu yake idayesedwa ndi oyilo mmodzi wa kulemera kodziwika, ndingatsate buku la mwini wake osatsutsa, pakuti kusiyana kwa mtengo wa mabotolo a chaka chonse sikufika pa mtengo wa pisitoni imodzi ndi silinda yake. Pa injini yakale yozizidwa ndi mphepo, yopanda kachitseko ka utsi, oyilo wamba wa pachipale akwanira, ndipo kuthiramo wodula n'kuveka mbuzi mkanda. Amene ndimawakana ndi aja osinthasintha, lero uyu mawa uyo, potsata fungo kapena mau a mnzao wa pamowa, nasakaniza mitundu iwiri m'kathanki kamodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo oyilo ena akakumana, makamaka wa nsatsi ndi woyengedwa, amaundana n'kutseka sefa. Ndimawakananso aja oganiza kuti kuchulukitsa oyilo m'chigubu ndiko kukonda injini, osadziwa kuti kabowo ka kabuleta kali ndi muyeso umodzi, ndipo pamene oyilo wachuluka petulo wachepa, injini nitentha koposa. Ndipo oyilo, angakhale wabwino chotani, sapulumutsa munthu wonyamuka mwaliwiro injini isadafunde, chifukwa pisitoni imatupa msanga silinda idakali yozizira, ziwirizo n'kulumana.

Mwa makampani oposa 100 aja, amene kukwera kwa mtengo wa mafuta kwa 1973 ndi zaka za chipale chochepa zidawapulula, adatsala akuluakulu anayi, ndipo Yamaha idalengeza mu 2023 kuti njinga zake za 2025 ndizo zotsiriza. Ku Valcourt akupangabe, ndipo garaji ya 1926 ija ili chiimire pa malo osungirako zakale. Tsono inu a kwathu amene ntchito kapena sukulu idakufikitsani ku Quebec, ku Minnesota kapena ku Finland, tsiku limene mnansi adzakubwerekeni njinga yake, nakutumani kusitolo, musakhutire ndi chithunzi cha phiri choikidwa kumaso kwa botolo. Litembenuzeni, muwerenge kumsana kwake ngati ndi la pachipale, ngati limayenda pa madigiri 40 kunsi kwa ziro, ndi ngati zilembo zake zikugwirizana ndi za m'buku la njingayo. Ikakhala yakale ya chigubu, ndipo buku lanena 50:1, muthire mamililita 400 m'malita 20, ndipo botolo la oyiloyo muyambe mwalifunditsa m'nyumba.